Tsiku Limene Anamzeze Anazula Magolo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma la pabalaza m'nyumba ya achimwene, chitenje kumutu, mpaka amayi a mpingo omwe anachezera kuimba anayamba kusinza mmodzimmodzi. Bokosi linali pakati pathu, nyali ikuyaka kumutu kwake. Chimene chinandiimiritsa ndi phokoso la khasu. Silinkachokera kumanda, kumene adzukulu amayamba kukumba kukayera, koma kumunsi kwa nyumba, ku bwalo la mpira. Nditasuzumira pakhomo ndinangoona timatochi ta mafoni tikuyendayenda. Ndinaganiza kuti ndi anyamata akukonza poimika magalimoto, ndipo ndinabwerera pamkeka.

Amene tinkaika tsiku limenelo anali mlongo wanga Laisoni, wobadwa pambuyo panga. M'mimba mwa mayi athu tinatuluka awiri okha. Kuno ku Domasi dzina loti Laisoni ankalidziwa ndi ochepa. Aliyense, kuyambira ana a pulaimale mpaka akulu a mpingo, ankangoti a Kochi. Ndi iwo anayambitsa Anamzeze, timu ya mpira ya ana ndi achinyamata a midzi ya kuno. Ndipo bwalo limene Anamzeze asewerapo zaka zoposa makumi atatu ndi munda wanga.

Kwathu kuno munda umatsata mwana wamkazi. Mayi athu atamwalira, munda wa kumunsi uja, wosalala ngati mphasa, unagwera ine. Chaka chimenecho unali utagwidwa ndi kaufiti, ndiye ndinausiya kuti upume. Achimwene anali atangobwerera kumudzi akazi awo atamwalira, opanda mwana, akugwira ntchito ya umesenjala ku koleji. Madzulo ena anabwera, chipewa m'manja, kudzapempha kuti ana omwe ankamenya chikulunga pamsewu, n'kumasemphana ndi njinga, azisewera pa tsalapo. Anati chaka chimodzi chokha. Ndinavomera, poti nkhope yawo masiku amenewo inali yomvetsa chisoni.

Chaka chilichonse tikakolola ndinkawakumbutsa, ndipo yankho linali limodzi: ligi ikatha. Ligi ya achimwene sinathepo. Kokadandaula ndinalibe, chifukwa mwini mbumba woti ndimudandaulire anali iwo omwewo. Ndiye ndinkabwezera ndi phulusa. Anamzeze sanakhalepo ndi laimu wolembera mizere ya bwalo. Loweruka lililonse m'mawa ana ankazungulira nyumba ndi nyumba ndi tizidebe, kutolera phulusa la m'makhitchini. Mudzi wonse unkapereka. Nyumba imodzi yokha sinaperekepo ngakhale lodzaza dzanja, ndipo ndi yanga. Ndinkalolera kukathira langa ku nthochi anawo akuona, mpaka anasiya kuima pakhomo panga.

Chilimwe chapitachi mwana wanga Esinati anabwerako ku Liwonde banja litatha, ndi ana atatu, wopanda polima. Ndinatsikira ku bwalo dzuwa litapendeka, timu ili pakati pokonzekera, ndipo ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandiwotcha m'kamwa. Ndinati, "Achimwene, tsiku limene mudzafe, ndidzalima mpaka pagolo." Anamva ana onse, anamvanso amayi ogulitsa zitumbuwa m'mbali mwa bwalo. Achimwene anangoseka n'kuliza wezulo kuti masewera apitirire. Patatha miyezi itatu anakomoka akupopa mpira pakhonde, ndipo pofika ku chipatala ku Zomba anali atatisiya. Mawa lake la maliro, posesa, banja linayenera kukhala pansi kukambirana zotsala, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsogolo la bwalo lili m'kamwa mwanga.

Kutayera ndinatuluka kukasamba m'maso. Kuseri kwa nyumba amayi anali atayala kale mafuwa m'mizere iwiri, migolo yodula pakati ili pamoto, nyemba zikuwira. Nkhuni zina zinali za mango zosauma bwino, ndiye utsi unkangokwawa pansi n'kumatokosa anthu m'maso. Atsikana ankabwera kuchokera ku mjigo ndi ndowa pamutu, ena ankasankha mpunga m'malichero. Pa mtengo wa gwafa abambo awiri ankasenda mbuzi. Mbuziyo nayo inali ya mpira. Anamzeze atapambana koyamba mpikisano wa midzi ku Songani, mphoto inali mbuzi yaikazi. Ana ankafuna iphedwe tsiku lomwelo, koma achimwene anakana n'kuikokera kunyumba wapansi, ikulira njira yonse. Zidzukulu za mbuzi imeneyo ndi zimene zakhala zikugula mipira, komanso kudya chimanga changa.

Kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa Novembala komata bulauzi pamsana. Pamwamba pa phiri la Zomba panali kamtambo kamodzi kakuda, ndipo amayi a kumoto ankakaponyera maso pafupipafupi. Minda yonse ya m'chigwa inali itaungidwa kale mizere, ikungodikira mvula yodzalira.

Anthu anayamba kufika cha m'ma seveni. Ndakhalapo pa maliro ambiri, koma sindinaonepo amuna ochuluka chotero pa maliro a mesenjala wopuma ntchito. Ena anabwera pa kabaza, ena anatsika minibasi kumsewu n'kulowa wapansi, fumbi mpaka m'maondo. Panali aphunzitsi, makondakitala, ogulitsa usipa, wapolisi wa yunifolomu, ndi bambo wina wa mimba yake amene anatsika m'galimoto yakeyake. Ameneyu ndinamukumbukira ali ndi chipere m'mutu, ataima pakhomo panga ndi kachidebe. Ena anavala mikanjo ndi makofia, chifukwa achimwene sankafunsa mwana kumene amapemphera. Iwo ankafunsa kope. Lachisanu lililonse ankakhala pa mpando wa ndalema m'mbali mwa bwalo kuona makope a sukulu, ndipo wojomba ankakhala panja Loweruka, ngakhale akhale womwetsa zigoli amene timu yonse ikudalira. Anagonjapo masewera angapo chifukwa cha lamulo limeneli, masapota n'kumawatukwana mpaka pakhomo.

Kunabweranso atsikana a timu ya pambuyo pake, imene inayamba makolo ena akukalipa kuti mwana wamkazi sangavale kabudula pagulu. Ena mwa iwo anali ndi ana kumbuyo. Popanda wowauza, onsewa anakhala pansi pa mitengo ya mango motsatana ndi mmene anadutsira m'timu, a imvi kutsogolo, a ndevu zakuda pakati, ana a sukulu kumbuyo atavala majezi a buluu ofwifwa. Akandiona ankatsitsa maso n'kuwomba m'manja pang'ono. Palibe anandiyang'ana moipa, koma ulemu wawowo unkandilemera kuposa chipongwe.

Cha m'ma naini Esinati anandinong'oneza kuti kuseri kuli anthu akundifuna. Ndinapeza amuna asanu a timu yoyamba ija. Wowatsogolera anali telala wa pa Songani, amene anali goloboyi woyamba wa Anamzeze, ndipo ndi iye wakhala akuika zigamba pa majezi awo zaka zonsezi. Anagwada onse m'fumbi, anthu a imvi zawo. Pambali pawo panagona mitengo isanu ndi umodzi ya bulugamu, inayi ili ndi dothi lofiira kumatsinde. Pamenepo ndinadziwa za khasu la m'bandakucha lija.

Kuno manda amakumbidwa ndi kachipinda pansi kokwanira bokosi lokha, ndipo pamwamba pake amayalapo mitengo ndi mphasa kuti dothi lisagwere pa womwalira. Mitengoyo nthawi zambiri adzukulu amangodula pafupi ndi manda pomwepo.

"Achemwali, pepani ndi zovutazi," anatero telalayo. "Ife takambirana kuti adzukulu asakadule mitengo ina ayi. Tazula magolo athu aja, a Kochi apite nawo. Mundawo tabweza ndi manja awiri. Mwatisunga nthawi yaitali, ife tilibe mawu. Mawa posesa pasakhale nkhani."

Ine ndinali nditakonzekera mkangano. Masiku awiri onse a maliro, pakati pa kulira, ndinkasanja m'mutu mawu oyankhira aliyense amene angandipemphe kuti ndiganizire ana. Ndinali ndi Esinati ndi ana ake atatu ngati umboni wanga, ndipo mlandu wanga unali wowongoka. Kupatsidwa ndiye sindinakukonzekere. Ndinangofunsa kuti nanga anawo azikasewera kuti.

"Tiona, achemwali," anayankha. "Mwina ku sukulu adzatilola masiku ena. Apo ayi, ndiye kuti yatha ndi eni ake."

Ndinati zikomo, mawu ouma gwa. Anasenza mitengo ija n'kulowera kumanda, wina atanyamula sowo. Esinati anali chiimire kumbuyo kwanga, atamva zonse.

Mwambo unayamba dzuwa lili pamutu. Bokosi analitulutsa n'kuliika pa mabenchi awiri pabwalo la nyumba, anthu anaona nkhope, amayi ovala zoyera akuimba mozungulira. Achimwene anagona ngati munthu amene wangotseka maso kuti asamve zimene ndikunena, mmene ankachitira nthawi zonse. Ndinalira pamenepo, ndipo sindikudziwa kuti anandikhazika pansi ndi ndani.

Mbiri ya womwalira anawerenga msuweni wathu, kapepala kamodzi: anabadwa, anabatizidwa ku Mishoni, anakwatira, anagwira ntchito, anapuma. Za mpira panali mzere umodzi wokha, wakuti ankakonda masewera. Kumitengo ya mango kunamveka kung'ung'udza, ndiye mkulu wa mpingo woyendetsa mwambo anapatsa telala uja mphindi zisanu. Anatenga makumi awiri, ndipo palibe anayang'ana wotchi.

Anayamba ndi dzina. Ana oyambawo anali ang'onoang'ono, othamanga mokhotakhota ngati anamzeze mvula ikayandikira, ndiye anzawo a timu zina ankawaseka ndi dzina limeneli, achimwene n'kungolitola. Mpira woyamba wachikopa anawapatsa mphunzitsi wina amene ankasamuka, ndipo unkagona pabedi la achimwene, kumiyendo. Majezi oyamba anali mavesiti onyika mu utoto, manambala olemba ndi penti ya njinga, ndipo mvula itagwa pa masewera awo oyamba timu yonse inabwerako ndi mimba za buluu. Anthu anaseka pamaliro, abusa nawo anabisa kukamwa ndi buku la nyimbo.

Kenako ananena za chaka cha njala, pamene ana ankagwa ndi chizungulire pakati pa bwalo. Achimwene anaimitsa mpira koma sanaimitse kusonkhana. Ana ankabwerabe nthawi yomweyo ya masana, n'kupeza mgolo wa phala la gaga pagolo la kumtunda. Apo mpamene ndinadziwa kumene kunkapita gaga wanga, amene anandiyambanitsa ndi mnzanga woyandikana naye nyumba. Ananenanso za zaka zija anyamata a timu yoyamba ankamwalira motsatizana ndi matenda aja, achimwene n'kumasenza mabokosi a ana amene anawaphunzitsa kumenya kona. Anawatchula mayina mmodzimmodzi, ndipo m'khamumo munkamveka mayi wina akuyamba kulira uku, wina uko. Ananena za munthu wandale amene anabweretsa majezi atsopano okhala ndi nkhope yake pachifuwa, achimwene n'kumubwezera m'katoni momwemo, timu n'kumaliza chaka ndi zigamba.

Pomaliza anatembenukira kumene ndinakhala. Anati bwalo limene zonsezi zachitikira anabwereka kwa achemwali a malemu, ndipo zaka zonsezi sanawathamangitsepo. Anapempha anthu kuti andithokoze. Khamu lonse linawomba m'manja mwakachetechete, mmene amawombera pamaliro. Theka la anthu amenewo linkadziwa zimene ndinanena pabwalo paja, ndipo onse a kumitengo ya mango ankadziwa za phulusa. Ndinadzifunditsa chitenje kumaso. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire.

Abusa atamaliza ulaliki, kamtambo kaja kanali katakula n'kuphimba phiri lonse, mphepo yayamba kuulutsa masamba ouma. Tinanyamuka. Njira ya kumanda imalambalala bwalo la mpira podutsa m'nthochi, koma akulu a mpingo analola kuti bokosi lidutse pakati. Anyamata anapemphanso kuti akalize wezulo wa achimwene pamenepo, koma izo akuluwo anakana, ati mwambo uli m'manja mwa mpingo. Palibe anatsutsa. Bokosi linayamba pa mapewa a a imvi, n'kumapatsirana popanda kuima, a ndevu zakuda n'kulandira, kenako anyamata a timu ya lero, aliyense masitepe ochepa chabe kuti mnzake agwireko. Atsikana a timu ija anayenda m'mbali atanyamula nkhata.

Kanali koyamba kuponda pabwalopo chilankhulire mawu aja. Ndine mlimi, ndipo ngakhale m'misozi maso anga anapita pansi. Nthaka inali yolimba ngati simenti, yoti khasu lingalimbane nayo zaka ziwiri isanabereke. Mizere ya phulusa ya Loweruka lomaliza inkaonekabe patalipatali, ndipo m'mizeremo mokha kaudzu kanali kobiriwira, chifukwa cha phulusa la makhitchini a mudzi wonse la zaka zonsezo. Kumtunda kunali maenje awiri, kumunsi awiri, dothi lofiira lili pambali. Pakati penipeni onyamula anaima. Amayi oimba anafika kumapeto kwa ndime ndipo sanayambe ina. Tinaima choncho kanthawi, kukumveka mphepo yokha ndi mwana wina akutsokomola kumbuyo kwa mayi ake, kenako tinapitirira.

Kumanda adzukulu anali atamaliza kale, atakhala pa mulu wa dothi, thukuta lili kamukamu. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, awiri analowa kukalikonza m'kachipinda, kenako anayamba kulandira mitengo ija, yodulidwa kale m'zidutswa. Ndinkaizindikira chidutswa ndi chidutswa: penti yoyera yosupuka, misomali yopindika pomwe ankakolowekapo ukonde wa maneti akutha, ndi pena posalala pomwe magoloboyi ankatsamira timu yawo ikamapanikiza kutsogolo. Inakwanira ndendende. Anayala mphasa, abusa anaponya dothi katatu, ine anandigwira dzanja kuti ndiponye langa. Mumtima ndinawauza achimwene kuti mawu aja sindinkatanthauza, koma ndinadziwa kuti ndikunama. Ndinkatanthauza, kungoti sindinkaganiza kuti angafe.

Bingu loyamba linagunda adzukulu akuumba mtumbira. Nkhata tinaika mothamanga, woitana mayina akudumpha ena. Madontho oyamba anali akuluakulu, ogwa patalipatali, fungo la fumbi lonyowa n'kudzaza m'manda monse, kenako inakhuthuka. Anthu anathamangira m'makonde ndi pansi pa mitengo, amayi a kumoto akuphimba migolo ndi malata. Anthu anadya ataimirira, mbale m'manja, atapanikizana m'khonde la achimwene ndi langa. Ndinamva amayi awiri akuuzana kuti imeneyi ndi yodzalira, yosachita kufunsa. Itakata cha m'ma folo, khamu linayamba kumwazikana, a kutali kuthamangira minibasi, matope mpaka m'akakolo. Telala uja anabwera kudzatsanzika, kofia yake itanyowa, ndipo za munda sanatchulenso.

Madzulo pakhomo panatsala achibale ochepa oti agone mpaka kusesa, ndipo ambiri anali atatopa, atagona pamikeka m'nyumba ya achimwene. Ine ndinawolokera kwanga n'kukhala m'khitchini. Esinati analowa ndi tiyi, n'kukhala pa mtondo wogubuduza.

"Amayi, ndikudziwa si tsiku lake," anatero, "koma mvula siidikira. Kumunsi kuja ndiyambe liti?"

Sindinamukwiyire. Ana ake atatu anali atagona kuchipinda, ndipo chakudya cha pamaliro chimatha tsiku limodzi. Ndinamuuza kuti tikasesa adzale munda wanga wa kuseri kwa nyumba, mizere ndinaunga kale, mbewu ili m'chigubu pansi pa bedi. Kuyambira chaka chino ndi wake.

"Nanga inuyo mudya chiyani?"

"Ndidya kwa iwe. Kadimba ka mpunga kaja kandikwanira kugwiragwira."

Anazunguza kapu m'manja. Munda wa kuseriwo ndi waung'ono poyerekeza ndi wa kumunsi, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti sudzatifikitsa ku zokolola zina popanda kuvutika.

"Anthu anena kuti mwachita manyazi," anatero.

"Anene. Manyaziwo ndachitadi. Mawa ukawapeze atelala aja asanatsegule shopu, ukawauze adzadule bulugamu wanga wa m'malire. Asankhe yowongoka, yoyenera magolo."

Anagwedeza mutu, anatola makapu n'kupita kukagona ndi ana ake.

Ndinatuluka kukaima pakhonde kusanade kwenikweni. Nyumba ya achimwene inali zii, njinga yawo itatsamira khoma, pompa ili pomwe inagwera tsiku lija. Kumunsi bwalo linali litadzaza tizithaphwi, achule ayamba kale kulira m'maenje a magolo, ndipo mvula inali itafufuta mizere yonse imene achimwene analemba komaliza. Kuseri milu ya phulusa la pamaliro inali itanyowa. Limenelo sindinalikhudze, limatayidwa posesa. Ndinabwerera m'khitchini mwanga, ndinagwada pa mafuwa ndi chipande, n'kupala phulusa lonse la sabata imeneyo mpaka linadzaza beseni. Ndinaliika pakhonde pomwe mvula siifika, moyang'ana njira.

Linali Lachisanu. Ana aja anasiya kalekale kuima pakhomo panga, ndiye ndinadziwa kuti kukacha ndidzayenera kuima panjira n'kuwaitana ndekha.